Chenjezo la mwera likatuluka: momwe mungadziwire ngati mulowe m'nyanja kapena mukhale kumtunda

Ikangokwana Meyi, foni yanga imayamba kulandira funso lomwelomwelo: "Achimwene, a zanyengo akuti kukubwera mwera, koma kuno nyanja yangoti zii. Tipite kapena tisapite?" Andifunsapo eni zilimira (maukonde okokera usipa), andifunsapo alovi (ogwira ntchito m'boti), andifunsapo amayi ogula usipa amene analipira kale boti lopita ku chilumba cha Mbenji, ngakhalenso mphunzitsi wina amene ankafuna kuwolokera ku Likoma pa boti la matabwa. Ndinakulira padooko ku Salima, ndipo kwa zaka zambiri ndine amene ndimawerengera anzanga uthenga wa zanyengo. Ndaona kuti ndi bwino ndilembe kamodzi, aliyense wofunsa ndizingomutumizira.

M'nyengo yozizira a zanyengo saphonya kawirikawiri pa nkhani ya mwera. Vuto limakhala pa kawerengedwe kathu. Iwo amanena za nyanja yonse, ife n'kumayeza mawu awo ndi madzi a pakhomo pathu. Ndondomeko imene ndimatsata ndi iyi.

1. Musayeze mwera ndi muyeso wa mvula ya dzinja

Ambiri tinataya chikhulupiriro mwa a zanyengo chifukwa cha Januwale ndi Febuluwale. Amalengeza mvula, inu n'kuyanika ufa tsiku lonse osanyowa, pamene mudzi woyandikana nawo madzi akulowa m'nyumba. Mvula ya mabingu imabadwa masana omwewo, pamalo ochepa, ndipo palibe kompyuta imene ingakuuzeni dzulo lake kuti mtambo uwu ukakhuthukira pa Kamuzu Road osati ku Senga Bay.

Mwera suli choncho, umachokera kutali. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nthawi zina kufika Seputembala, mpweya wozizira ndi wolemera umaunjikana kummwera kwa Africa n'kumayenda chakum'mawa, kudutsa gombe la South Africa kulowera m'nyanja yamchere ya India. Ukafika pamenepo umakankha mphepo kukwera ndi dziko la Mozambique mpaka kudzagwera panyanja pathu. Mulu wa mpweya umenewu ndi waukulu kuposa dziko lathu kangapo, ndipo zida za m'mlengalenga zimautsata masiku angapo usanatifike. Chinthu chachikulu chotere sichibisala. N'chifukwa chake akati sabata ino kukubwera mwera, nthawi zambiri umabweradi. Pamene amatha kuphonya ndi pa ola lofikira ndi pa mphamvu yake pamalo anu enieniwo.

Mpweya womwewo ndi umene umabweretsa chiperoni ku Mulanje, Thyolo, Blantyre ndi Zomba: mitambo yotsika, nkhungu, kuzizira ndi mvula yowaza imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Ngati muli ndi m'bale ku Limbe, muzimufunsa. Akakuuzani kuti chiperoni chagwira, dziwani kuti mwera uli m'njira kapena wafika kale pakati pa nyanja. Ine chizindikiro chimenechi sindichinyoza.

2. Tsimikizani kuti uthengawo ndi wa lero ndiponso wochokera kwa eni ake

Eni ake a chenjezo ndi nthambi ya boma yoona za kusintha kwa nyengo ndi zanyengo, imene pa zikalata zake imalembedwa kuti DCCMS, likulu lake ku Blantyre. Amatulutsa ulosi wa tsiku ndi tsiku, wa masiku angapo akutsogolo, komanso chenjezo lapadera mwera ukakhala wamphamvu, ndipo nthawi zambiri amatchula nyanja ya Malawi pamodzi ndi Malombe, Chilwa ndi Chiuta. Mumaupeza pa tsamba lawo la Facebook, pa MBC ndi Zodiak, komanso pa wailesi za m'madera monga Dzimwe ku Mangochi, ya ku Nkhotakota ndi Tuntufye ku Karonga.

Cholakwika chofala ndi kukhulupirira chithunzi chilichonse chimene chagwera pa WhatsApp. Chenjezo la chaka chatha limatha kuzungulira m'magulu ngati latsopano, anthu n'kukhala kumtunda tsiku labwinobwino, mawa lake n'kuyamba kutukwana a zanyengo pa mlandu umene sanapalamule. Musanatumizire wina, yang'anani tsiku limene linalembedwa ndi tsiku limene likuthera. Ngati ndi mawu ojambulidwa opanda tsiku, asiyeni. Mukamva za namondwe wa dzina mu Julayi, kayikirani pomwepo: anamondwe otere amabwera m'dzinja. Idai anali wa Marichi 2019, Ana wa Januwale 2022, Freddy wa Marichi 2023. M'chisanu mdani wathu ndi mwera, ndipo mwera ulibe dzina lina.

3. Tolanimo zinthu zinayi: kochokera, liwiro, kukuntha ndi nthawi

Mphepo imatchulidwa ndi kumene ikuchokera, osati kumene ikupita. Makolo athu anachita chimodzimodzi: mwera uchokera kummwera, mpoto uchokera kumpoto, vuma uchokera kuvuma kotulukira dzuwa. Pa foni mukaona S, SE kapena SSE m'miyezi imeneyi, ndi mwera umenewo. Samalani ndi kamuvi: pa mapulogalamu ambiri kamaloza kumene mphepo ikupita, choncho kamuvi koloza m'mwamba, kumpoto, kakunena za mwera osati mpoto. Ndaonapo anthu akusokonezeka pamenepa.

Liwiro limalembedwa m'njira zitatu, ndipo apa ndi pamene ngozi imabisala. Ena amalemba makilomita pa ola, ena amalemba knots, ena m/s, kutanthauza mamita pa sekondi. Knot imodzi ndi makilomita pafupifupi 1.85 pa ola, choncho mukaona knots, chulukitsani kawiri n'kuchotsako pang'ono: 15 ndi pafupifupi 28. Mukaona m/s, chulukitsani ndi 3.6: nambala yooneka yaing'ono ngati 10 ndi makilomita 36 pa ola, mphepo yoti bwato lisayerekeze. Pulogalamu ya Yr ya ku Norway imakonda kulemba m/s. Lowani m'makonzedwe a foni yanu musinthe kuti zonse zizioneka m'makilomita pa ola, musamavutike ndi masamu usiku padooko.

Kuti manambalawa akhale ndi nkhope, ayerekezeni ndi madzi. Pakati pa makilomita 12 ndi 19 pa ola, mafunde amayamba kuswekera thovu loyera apo ndi apo. Pakati pa 20 ndi 28, thovu lija limachuluka. Kuyambira 29 mpaka 38, nyanja yonse imachita mathothomathotho oyera ndipo madzi amawazira m'boti. Kupitirira 39, mafunde amakhala aakulu ndithu. Dziwaninso kuti mphamvu ya mphepo simakwera mofanana ndi liwiro lake: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yokankha imawirikiza kanayi. Mphepo ya 40 si "yoposako pang'ono" ya 20.

Pali nambala yachiwiri imene ambiri sayang'ana, yolembedwa kuti gusts. Imeneyi ndi mphepo ija imakuntha mwadzidzidzi kwa kamphindi n'kuleka. Nambala yoyamba ndi ya pakatikati. Chimene chimagubuduza boti ndi kukunthako, makamaka kukakumana ndi funde lalikulu pamene anthu aima mbali imodzi akukoka chilimira. Muzipanga chiganizo ndi nambala yaikuluyo.

Chachinayi ndi nthawi. Chenjezo likati "kuyambira Lachitatu", Lachitatu limayamba 12 koloko usiku wa Lachiwiri, pamene asodzi a usipa ali pakati pa nyanja ndi nyali zawo. Ambiri akamva Lachitatu amaganiza za m'mawa kutacha. Ndibwereranso ku nkhaniyi chifukwa inandigwera. Mukaona nthawi yolembedwa UTC, muyeso wa nthawi wa dziko lonse lapansi, onjezeranipo maola 2 kuti ikhale ya kuno.

4. Khulupirirani za mawa ndi mkuja, za sabata yamawa muzingozisunga m'mutu

Bungwe la zanyengo la ku America, NOAA, limanena kuti ulosi wa masiku 5 umalondola pafupifupi ka 9 pa ka 10, wa masiku 7 ka 8 pa ka 10, koma ukafika masiku 10 umalondola theka lokha. Kumeneko ali ndi zida zoyezera paliponse. Kuno zida ndi zochepa, makamaka pamadzi, ndiye chotsaniko pang'ono. Ulosi wa sabata yamawa ndi wothandiza pokonza ulendo ndi kugula mafuta, koma chiganizo cholowa m'madzi chizichokera pa ulosi wa tsiku lomwelo. Onaninso madzulo musananyamuke, chifukwa makompyuta olosera zanyengo amawerengeranso kangapo pa tsiku.

Ngati muli ndi pulogalamu ya Windy, pansi pake mungasankhe kompyuta yolosera ya ECMWF, ya ku Ulaya, kapena GFS, ya ku America. Onani zonse ziwiri. Zikagwirizana, nkhaniyo ndi yolimba. Zikasiyana, ina ikuti 18 ina ikuti 32, musasankhe imene ikukukomerani chifukwa mwagula kale mafuta. Kusiyanako kukukuuzani kuti zinthu sizinakhazikike, ndiye tengani yaikuluyo. Ndipo foni ikamati bata pamene DCCMS yatulutsa chenjezo, mverani chenjezo. Kumeneko kuli anthu amene amaidziwa nyanjayi, pamene foni imangotenga zimene kompyuta ya kunja yalavula.

5. Tembenuzani chenjezo la nyanja yonse kuti likhale la dooko lanu, boti lanu ndi ola lobwerera

Apa ndi povuta, ndipo palibe wailesi kapena foni imene ingakuchitireni. Makompyuta aja amaliona dziko m'timabokosi ta makilomita 9 kapena kupitirira apo mbali iliyonse. Chilumba ngati Mbenji, phiri lotsamira m'madzi, kapena kagombe kanu kobisika, kwa iwo kulibe. Amapereka nambala imodzi pa bokosi lonse. Ntchito yotsalayo ndi yanu, ndipo ili ndi mafunso anayi.

Loyamba: kodi mphepoyi yayenda mtunda wautali bwanji pamadzi isanakufikeni? Funde limakula ndi zinthu zitatu, liwiro la mphepo, maola amene yakhala ikuwomba, ndi kutalika kwa madzi amene yadutsa. Nyanja yathu inagona kuchokera kummwera kupita kumpoto, makilomita opitirira 550 m'litali koma osapitirira 80 m'lifupi. Mwera ukalowa umayenda motsata utali wonsewo ngati madzi mumpopi, mapiri a mbali zonse akuupanikiza. Mphepo ya 30 imene ku Mangochi, kumene yangochoka kumtunda, ikungogwedeza bwato, ikafika ku Nkhotakota, Nkhata Bay, Usisya ndi Chilumba imakhala itakweza mafunde otha kubisa boti la mnzanu muli pafupi. Chenjezo ndi limodzi, nyanja ndi zosiyana. Sitima ya Vipya, yachitsulo, yatsopano, inagubuduzika mumkuntho pa 30 Julayi 1946 kumpoto komweko, kufupi ndi Chilumba, anthu 145 n'kumira. Unali mwezi womwewu umene timafunsana kuti tipite kapena tisapite.

Funso lachiwiri: kodi dooko lanu linayang'ana kuti? Imani pagombe nkhope ikuloza kotulukira dzuwa. Kummwera kuli kudzanja lanu lamanja. Ngati kumanjako mukuona madzi okhaokha mpaka kumene maso alekezera, mwera umakufikani wonse, ndipo zimene mukuona pagombe ndi zoona zake za nyanja. Anthu a madooko otere savuta kuwachenjeza, mafunde amawauza okha. Koma ngati kumanjako kuli phiri kapena mtunda wolowa m'madzi, muli pamthunzi wa mphepo, ndipo inu ndi amene muli pangozi yaikulu. Ku Chembe, ku Cape Maclear, mapiri a Nankumba amatchinga mwera moti ana amatha kusambira pagombe tsiku limene kunja kwa zilumba kukuwira. Munthu amaona bata, amakankha boti, amayenda mphindi 20 bwinobwino, ndipo akangotuluka pamthunzi paja amakumana ndi nyanja ina imene sanaikonzekere. Mafoni ambiri oti "kuno kuli zii" amachokera kumadooko otere. Musayang'ane madzi a pamapazi panu. Kwerani pamwala kapena pachulu muyang'ane kumalire a nyanja ndi thambo. Mzere uja ukakhala wosalala, kuli bwino. Ukamaoneka ngati mano a sowo, kapena mukuona zoyera zikuthwanima kutali, mwera uli komweko.

Funso lachitatu: kodi ndi nthawi yanji? Dzuwa likalowa m'chisanu, mtunda umazizira msanga ndipo mphepo ya pamtunda imagona. Masamba a mitengo amaleka kugwedera, utsi wa pamoto umakwera choongoka. Madzi a m'nyanja sazizira msanga choncho, amakhalabe ofunda, ndipo pamwamba pawo mphepo simagona, nthawi zina imalimbirako. Bata la madzulo pagombe ndi la pagombe pokha. Tsoka lake ndi loti imeneyi ndi nthawi yomwe a usipa amanyamuka.

Funso lachinayi, limene limaiwalika kwambiri: kodi mubwerera bwanji? Kupita chakumpoto mwera uli kumsana n'kokoma. Boti limathamanga, injini simalira kwambiri, madzi salowa. Pobwerera muli ndi nsomba, ukonde wonyowa ndi anthu otopa, ndipo funde lililonse likukumenyani pamphuno. Ulendo wa ola limodzi umasanduka wa maola atatu, mafuta amene munayeza a kupita ndi kubwera n'kuthera panjira. Injini ikazima boti limatembenukira chammbali, ndipo funde lakummbali ndi limene limadzaza boti. Choncho musafunse foni kuti mphepo ili bwanji pa ola lonyamuka. Ifunseni za ola lobwerera, muonjezerepo maola 6 akutsogolo, chifukwa mwera ukhoza kufulumira kapena kuchedwa ndi maola angapo, ngakhale theka la tsiku. Ngati penapake m'maola amenewo nambala ikudumpha, ulendo wonsewo ndi wa nambala imeneyo.

Chaka china mu Julayi ndinapita ndi boti la msuweni wanga. Chenjezo tinalimva tonse pa wailesi: mwera wamphamvu kuyambira Lachitatu. Linali Lachiwiri madzulo, nyanja ili phee, mwezi kulibe, mdima wabwino wa usipa. Tinauzana kuti tikoke kawiri katatu, m'bandakucha tikhale titafika, mwera utipeze tikumwa tiyi. Usipa unalowadi, ndipo chifukwa unalowa tinakokanso. Cha m'ma 1 koloko ndinamva kuzizira kwina pakhosi, nyali za siginala zinayamba kuvina, ndipo posakhalitsa funde loyamba linalowa pamphuno pa boti n'kudzafika m'mawondo. Siginala, amene amakhala yekha m'bwato ndi nyali zokopera usipa, tinamukoka ndi malaya kumulowetsa m'boti, bwato lake ndi nyali zonse n'kupita. Mnyamata wamng'ono pa tonse ankakapa madzi ndi chigubu chodula, manja akunjenjemera, osayankhula kanthu. Msuweni wanga analamula kuti titaye nsomba. Tinataya usipa wonse ndi manja athu, umene tinauvutikira usiku wonse. Kubwerera kwathu kunakanika, tinangolola mafunde atikankhe chakumpoto, n'kukatsikira cha ku Benga dzuwa litatuluka. Tonse tinapulumuka. A zanyengo sanalakwitse ngakhale pang'ono. Linali Lachitatu, ola limodzi chiyambireni.

6. Gamulani muli kumtunda, ndipo malire akhale odziwika kwa aliyense

Pamadzi munthu saganiza bwino, makamaka nsomba zikamalowa. Ikani malire dzuwa likadalipo. Anga ndi awa, ndipo ndi a ine ndekha, ochokera pa zimene ndaona kwathu: bwato lopalasa ndi nkhafi lisatalikire gombe mphepo ikapitirira 20, boti la matabwa la injini lisapite kutali ikapitirira 30, kukuntha kukafika 40, kapena DCCMS ikatulutsa chenjezo la mwera wamphamvu, pasakhale wolowa, ngakhale wokaonjola matchera amene anatchera dzulo. Ukonde umagulidwanso. Kwanu malirewa akhoza kutsika, makamaka kumpoto. Boti lonyamula anthu, matumba a ufa ndi malata, malire ake atsike kuposa apa, chifukwa m'mphepete mwake mumakhala mutayandikira kale madzi.

Ndiyankhule ndi eni zilimira, chifukwa kawirikawiri amene amati "pitani" ndi amene amatsala kumtunda. Ndikudziwa kuti pali ngongole ya injini, kuti mafuta akwera, kuti masiku atatu opanda nsomba ndi njala kunyumba za alovi. Ndikudziwanso kuti ku Mbenji, kumene a Senior Chief Makanjira amatseka chilumba m'dzinja n'kudzatsegula mu Epulo, nthawi yopha nsomba imagwera m'miyezi ya mwera yomweyi, ndiye tsiku lililonse lotayika limapweteka. Koma mlovi sangakane pamaso pa bwana wake, amaopa kuti mawa malo ake atenga wina. Mawu oti lero tisapite ayenera kuchokera kwa inu. Ndipo komiti ya padooko, imene timaitcha BVC, ikagwirizana kuti chenjezo likatuluka boti lililonse likhale kumtunda, zimapepuka, chifukwa palibe amene amaona mnzake akukankha boti iye atakhala.

Ngati nambala zili pansi pa malire ndipo mwaganiza zopita, chitani izi. Uzani munthu wa kumtunda kumene mukupita ndi ola lobwerera. Foni yodzaza moto ikhale m'pulasitiki womanga bwino, m'thumba la munthu osati pansi pa boti. Mafuta akhale oposa a ulendowo. Zokapira madzi zikhale ziwiri, zomangirira ku boti. Majekete opulumutsira avalidwe, asakhale mtsamiro. Kumene kulibe, chigubu chopanda kanthu chotseka bwino chomangirira chingwe chimagwira munthu pamwamba pa madzi. Tenganinso chovala chosalowa madzi. Munthu wonyowa akamenyedwa ndi mwera usiku wa Julayi amauma manja mpaka kulephera kugwira chingwe. Pomaliza gwirizanani chizindikiro chimodzi chobwererapo, monga funde loyamba kulowa m'boti kapena nyali za maboti a kummwera kwanu kuyamba kuzimiririka ndi kuonekanso, ndipo chikachitika pasakhale zoti tikokeko kamodzi komaliza.

7. Chenjezo likatha, musathamangire

Mwera umatha kukhala masiku awiri, atatu, nthawi zina sabata. Mphepo ikaleka, mafunde amene inakweza amapitiriza kuyenda kwa maola ambiri, aataliatali, osasweka pakati koma oswekera mwamphamvu pagombe ndi pamiyala. Maboti ambiri amawonongeka potuluka kapena pokocheza tsiku lotere, aliyense akuthamangira kubweza zimene anataya. Dikirani theka la tsiku, ndipo onaninso ulosi, chifukwa mu Juni ndi Julayi mwera wina umatha kutsatana ndi unzake patangopita masiku ochepa.

Nanga tsiku limene anachenjeza koma kwanu sikunachitike kanthu? Lidzakhalapo, ndipo limapweteka. Musanati ananama, imbirani mnzanu wa ku Nkhotakota kapena ku Nkhata Bay mumufunse kuti kwawo kunali bwanji. Kawirikawiri mudzapeza kuti mwera unalipo, kungoti inu munali pamthunzi, kapena unafika usiku mutagona. Wolemba chenjezo amalembera nyanja yonse ndi mabwato onse, kuphatikizapo la mkulu wopalasa yekha ku Usisya, ndiye amayenera kutchula choopsa kwambiri chimene chingachitike penapake.

8. Sungani kope la padooko lanu

Gulani kope la ana asukulu. Tsiku lililonse kuyambira Meyi mpaka Ogasiti lembani mzere umodzi: tsiku, zimene DCCMS inanena, nambala ziwiri za pa foni, ndi zimene obwera kunyanja anakumana nazo, osati zimene inu munaona muli pamchenga. Mzere wake ukhoza kukhala wotere: "Lachinayi, chenjezo lilipo, foni 24 ndi 35, pagombe bata mpaka 10 koloko usiku, a ku Mbenji akuti thovu paliponse, awiri anabwerera panjira." Afunseni akangokocheza, asanayambe kukambirana mitengo ya nsomba, chifukwa pofika masana nkhani imakhala itakula kapena itachepa.

Pakatha mwezi umodzi muyamba kuona khalidwe la malo anu. Kwathu kope linandionetsa kuti foni imakonda kuchepetsa mphepo ya pakati pa usiku, moti nambala ya usiku ndimaionjezera ndisanaiyerekeze ndi malire anga. Linandionetsanso kuti mwera ukapendekera chakuvuma umalowa mpaka padooko pathu, koma ukachokera kummwera kwenikweni pagombe pamakhala bata lonyenga lija. Kwanu mudzapeza zina. Onetsani kopelo kwa akuluakulu amene akhala pamadzi zaka zambiri, aja amadziwa mwera poona mitambo pamwamba pa mapiri a tsidya ndi kuzizira kwa madzi m'manja, muwapemphe akuuzeni zimene anaona dzulo lake la tsiku lililonse loipa. Muzilembe pamzere womwewo, pambali pa manambala a pa foni.